Paul von Lettow-Vorbeck: kazembe wa Ajeremani ndi makalata a Nkhondo ya Chiwaya

Paul Emil von Lettow-Vorbeck ndi mkulu wa asilikali a dziko la Germany yemwe adatsogolera nkhondo kum'mawa kwa Africa kuyambira mu 1914 mpaka mu 1918. Iyi idali mbali ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene agogo athu ankaitchula kuti Nkhondo ya Chiwaya potengera mfuti ija yolavula zipolopolo motsatizana. Gulu lake lalikulu silidalowe m'dziko la Nyasaland, koma lidalizungulira ngati fisi pakhola: lidatsikira m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, lidafika kum'mawa kwa phiri la Mulanje, lidabwerera kumpoto, kenaka n'kudzera kumutu kwa nyanja kukatulukira m'dziko limene lero ndi Zambia.

Mbiri ya nkhondo yake imatsatika bwino m'makalata ndi mauthenga a pa lamya. Ena adafika m'nthawi yake, ena adachedwa, ena sadafike n'komwe, ndipo kangapo konse moyo wa anthu zikwizikwi udadalira kapepala kamene kadali m'thumba la mthenga.

Asanabwere kum'mawa kwa Africa

Lettow-Vorbeck adabadwa pa 20 March 1870 mumzinda wa Saarlouis, m'banja la asilikali. Adaphunzira m'sukulu za usilikali ku Potsdam ndi ku Berlin, ndipo adakhala ofisala akadali mnyamata. Mu 1900 adatumizidwa ku China pamodzi ndi asilikali a maiko angapo amene adakathetsa kuukira kwa gulu lotchedwa Boxer.

Kuyambira mu 1904 adali ku South West Africa, komwe lero ndi Namibia, pankhondo imene Ajeremani adathira mitundu ya Herero ndi Nama. Adagwirapo ntchito muofesi ya General Lothar von Trotha, yemwe adalamula kuti Aherero aphedwe kapena athamangitsidwire kuchipululu. Mu 2021 boma la Germany lidavomereza kuti zimene zidachitika kumeneko kudali kupulula mtundu wa anthu. Mabuku ambiri otamanda Lettow-Vorbeck amadutsa gawo limeneli mothamanga, komatu ndiko adaphunzira nkhondo ya m'tchire. Aphunzitsi ake enieni adali adani ake, anthu ngati Jakob Morenga, amene ankamenya mwadzidzidzi n'kuzimirira. Mu 1906 adavulala diso lamanzere pomenyana ndi anthu a Morenga yemweyo.

Atagwira ntchito kwawo kwa zaka zingapo, adafika ku Dar es Salaam mu January 1914 kudzatsogolera gulu lotchedwa Schutztruppe. Gululi lidali laling'ono: azungu pafupifupi 260 ndi asilikali achikuda pafupifupi 2,500. Ena mwa asilikaliwa adali ochokera kuno. Mu 1911 Angerezi adathetsa gulu lachiwiri la King's African Rifles, lija anthu ankati Keyala, ndipo anyamata ambiri otha ntchito adaoloka mtsinje wa Songwe kukalembedwa kwa Ajeremani, komwe malipiro adali apamwamba. Nkhondo itabuka, ena adapezeka akulozetsa mfuti kwa abale awo.

Uthenga umene udafika mbali imodzi

Phunziro loyamba la kufunika kwa uthenga lidachitikira panyanja yathu. Nkhondo italengezedwa ku Ulaya mu August 1914, boma la ku Zomba lidamva msanga kudzera pa lamya, pomwe Ajeremani a kutsidya la nyanja adalibe chimene ankadziwa. Pa 13 August sitima ya Guendolen, motsogozedwa ndi Captain Rhoades, idafika padooko la Sphinxhaven, lomwe lero ndi Liuli, n'kuombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann imene idali pamtunda ikukonzedwa. Captain Berndt, yemwe adali mnzake wa Rhoades pa zakumwa, adapalasa bwato kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera. Apo m'pamene adamva kuti kuli nkhondo ndipo kuti iye ndi mkaidi. Kuyambira tsiku limenelo nyanja idakhala m'manja mwa Angerezi, ndipo pambuyo pake idasanduka msewu waukulu wa katundu wankhondo.

Pa 9 September gulu lina la Ajeremani lidathira nkhondo pa Karonga koma lidabwezedwa. Imfa za asilikali achikuda pankhondo imeneyi n'zimene zidachititsa Mbusa John Chilembwe kulembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times mu November 1914, kudandaula kuti amphawi akukhetsa mwazi pankhondo imene sadzapindula nayo kanthu. Boma lidailetsa kalatayo. Pa nthawi ya kuukira kwake mu January 1915, Chilembwe adatumanso Yotam Bango ndi kalata ina kwa Ajeremani a ku Tunduru. Mtunda udali wautali. Pamene mthengayo ankabwerera, Chilembwe adali ataphedwa kale pa 3 February.

Cholinga cha kazembe

Bwanamkubwa wa German East Africa, Heinrich Schnee, sankafuna nkhondo. Iye ankayembekeza kuti pangano la ku Berlin la 1885 liteteza maiko a atsamunda kuti asalowe m'mikangano ya ku Ulaya. Lettow-Vorbeck ankaganiza mosiyana. Ankadziwa kuti sangagonjetse Britain ku Africa, koma ankati msilikali aliyense, sitima iliyonse ndi chipolopolo chilichonse chimene Angerezi angatumize kudzamusaka ndicho chimene chidzasowe kunkhondo ya ku Ulaya. Choncho ntchito yake sidali yoteteza dziko kapena anthu ake, koma kukhalapo basi, osagwidwa, kwa nthawi yaitali m'mene angathere. Mfundo imeneyi ndiyo imamasulira zonse zimene adachita, kuphatikizapo kukana kwake makalata onse omupempha kugonja.

Dzina lake lidamveka koyamba pa Tanga mu November 1914. Angerezi adatsitsa asilikali pafupifupi 8,000, ambiri ochokera ku India, motsogozedwa ndi General Arthur Aitken. Lettow-Vorbeck adali ndi anthu pafupifupi 1,000 okha koma adawabweza kunyanja, ndipo adatola mfuti, zipolopolo ndi zovala zambirimbiri zimene adaniwo adasiya pagombe. Nkhondo itatha, ofisala wa Angerezi adapita kwa Ajeremani ndi mbendera yoyera kukakambirana za ovulala. Apa m'pamene padayambira chizolowezi chimene chidapitirira zaka zinayi: m'mawa kuphana, madzulo kutumizirana makalata aulemu okhudza akaidi, mankhwala ndi ovulala.

Nkhondo ya pa Jassin mu January 1915 idamudyera maofisala amene sakadatha kuwapezanso, motero adachepetsa nkhondo zazikulu n'kuyamba kutumiza timagulu tokaphulitsa njanji ya ku Uganda. Sitima yankhondo ya Königsberg itamizidwa mumtsinje wa Rufiji mu July 1915, Ajeremani adazula mizinga yake khumi n'kumaikoka pamtunda. Okoka ake adali anthu akuda mazanamazana.

Makalata a Smuts

Mu February 1916 General Jan Smuts wa ku South Africa adatenga utsogoleri wa asilikali a Britain, ndipo Ajeremani adayamba kupanikizidwa mbali zonse. Smuts adachokera kumpoto, Abelijiyamu kumadzulo, pomwe General Edward Northey adanyamuka kumalire a Nyasaland ndi Northern Rhodesia pa 25 May. Gulu la Northey, momwe mudali asilikali ambiri a kuno, lidalanda Neu Langenburg, lero Tukuyu, kenaka Iringa mu August. Pofika September, Dar es Salaam ndi Tabora zidali zitagwa. Pamapu nkhondo idaoneka ngati yatha.

Koma pansi zinthu zidali zina. Malungo ndi kamwazi zidagwetsa asilikali a Smuts, ndipo akavalo ndi ng'ombe zokoka ngolo zidatha ndi kashembe. Pa nthawi imeneyo Smuts adalemba kalata yopempha Ajeremani kuti agonje mwaulemu. M'buku la zokumbukira zake limene adatulutsa mu 1920, Lettow-Vorbeck akufotokoza kuti kalatayo adaiwerenga mwa njira ina: kwa iye idali umboni woti mdani wake watopa ndipo mphamvu zamuthera. M'malo momufooketsa, idamulimbitsa mtima.

Kalata yachiwiri ndiyo imakumbukika kwambiri. Mu November 1916 mfumu ya Germany, Kaiser Wilhelm II, idapatsa Lettow-Vorbeck mendulo ya Pour le Mérite, ulemu waukulu koposa kwa ofisala wa dzikolo. Koma Berlin idalibe njira yodalirika yomuuzira. Nyumba ya wailesi ya ku Dar es Salaam idaonongedwa nkhondo itangoyamba, ndipo sitima za Britain zidatseka gombe lonse, mwakuti sitima ziwiri zokha zonyamula katundu ndizo zidakwanitsa kuzemba, ina mu 1915 ina mu 1916. Wodzamuuza nkhani yabwinoyo adali mdani wake. Smuts adamulembera kalata yomudziwitsa za menduloyo ndi kumufunira mafuno abwino, ndipo Lettow-Vorbeck adayankha mothokoza.

Olemba mbiri a ku Ulaya adaikonda nkhaniyi kotero kuti adayamba kuitcha nkhondo yonseyi nkhondo ya mabwana aulemu. Ulemuwo udalipodi, koma udali wa pakati pa maofisala achizungu. Mthenga amene ankayenda ndi mbendera yoyera pakati pa misasa iwiri, ndi mayi amene nkhokwe yake idakokoloredwa usiku womwewo, sadalawe nawo.

Kunena zoona, mbali yaikulu ya nkhani zakunja Lettow-Vorbeck ankaipeza m'matumba a makalata ndi m'nyuzipepala zimene asilikali ake ankalanda m'misasa ya adani. Ankawerenga za nkhondo ya ku France m'mapepala a Angerezi a miyezi ingapo yapitayo, ndipo chilichonse chonena kuti Germany ikugonja ankachiyesa bodza la mdani.

Njira yodzera ku Thyolo

Kuti gulu la Northey lidye, livale ndi kulandira malamulo, katundu ankayenda ulendo wodabwitsa. Ankatsitsidwa ku Chinde, pamathiriro a Zambezi, n'kukwera mtsinje pa sitima mpaka ku Chindio. Kuchoka apo ankakwera njanji yodzera ku Port Herald, lero Nsanje, n'kukwera mapiri a Thyolo kudutsa pa Luchenza mpaka ku Limbe ndi Blantyre. Kenaka ankapita pamsewu mpaka ku Fort Johnston, lero Mangochi, n'kukwezedwa sitima zapanyanja. Akatsika kumpoto, kudalibenso njanji kapena msewu wodalirika. Kudali mitu ya anthu.

Masiku amenewo Thyolo, yomwe azungu ankailemba Cholo, sidali yobiriwira ndi tiyi monga tikuionera lero. Tiyi adali atangoyamba kumene kubzalidwa, ndipo minda yambiri ya azungu idali ya fodya ndi mbewu zina. Minda ngati Satemwa, yomwe idayamba mu 1923, idabwera nkhondo itatha. Koma thangata lidalipo kale, ndipo ambiri mwa olilima adali Alhomwe amene adathawa misonkho, ntchito yokakamiza ndi njala ku Mozambique. Nkhondo itafika, anthu a m'maboma a kum'mwera kuno adapezeka pakati pa mabwana awiri: mwini munda ankafuna manja awo, boma linkafuna mitu yawo.

Olemba mbiri amawerengera kuti amuna a m'Nyasaland pafupifupi 19,000 adalembedwa usilikali ndipo pafupifupi 200,000 adagwira ntchito ya mtengatenga, m'dziko limene kalembera wa 1921 adapeza anthu pafupifupi 1.2 miliyoni. Mafumu ankapatsidwa chiwerengero cha amuna oti apereke, ndipo amuna ambiri ankagona kutchire pothawa kugwidwa. Vuto la njira yaitali chotere n'lakuti wonyamula ufa nayenso amadya. Mtunda ukatalika, gawo lalikulu la katundu limathera m'mimba mwa onyamulawo, ndiye pamafunika anthu ena onyamulira onyamula. Chakudya chikachepa, woyamba kumanidwa adali mtengatenga. Kumbali ya Britain yokha, amtengatenga pafupifupi 95,000 a maiko osiyanasiyana adafa pankhondo ya kum'mawa kwa Africa, ambiri ndi matenda, njala ndi kutopa. Ajeremani sadasunge n'komwe chiwerengero chodalirika cha awo, ndipo m'zaka zomaliza ankangogwira amuna m'midzi, nthawi zina n'kuwamanga zingwe kuti asathawe.

Mauthenga atatu a November 1917

Mu October 1917 kudachitika nkhondo yoopsa pa Mahiwa, kum'mwera kwa German East Africa. Angerezi adataya anthu oposa 2,000, ophedwa ndi ovulala, pomwe Ajeremani adataya pafupifupi 500. Lettow-Vorbeck adakwezedwa kukhala General, koma zipolopolo ndi mankhwala a kwinini zidali pafupi kutha. Adasiya odwala ndi ovulala kuti Angerezi awatole, n'kutsala ndi osankhika okha.

M'sabata imodzi ya mwezi wotsatira, zinthu zitatu zidachitika. Pa 21 November chibaluni chachikulu chamtundu wa Zeppelin, chotchedwa L 59, chidanyamuka ku Jambol m'dziko la Bulgaria ndi matani pafupifupi 15 a zida ndi mankhwala opita kwa iye. Chili m'mlengalenga cha ku Khartoum chidalandira uthenga wa pa wailesi woti chibwerere, ndipo chidabwereradi. Pa 25 November Lettow-Vorbeck adaoloka mtsinje wa Ruvuma ndi azungu pafupifupi 300, asilikali 1,700 ndi amtengatenga pafupifupi 3,000, n'kugwera msasa wa Apwitikizi pa Ngomano, komwe adapeza mfuti zatsopano, zipolopolo ndi mankhwala. Patangotha masiku atatu, Captain Theodor Tafel, yemwe ankabwera ndi gulu lina lalikulu kudzakumana naye, adagonja kwa Angerezi. Adali atasowa chakudya, ndipo sadalandire uthenga womuuza komwe mkulu wake adali, chonsecho magulu awiriwa sadatalikirane kwambiri.

General Jacob van Deventer, yemwe tsopano ankatsogolera asilikali a Britain, adatumizanso kalata yopempha kugonja. Nayonso idawerengedwa monga ya Smuts ija.

M'dziko la Alhomwe

Kwa miyezi khumi Ajeremani adayendayenda kumpoto kwa Mozambique, akudya za m'misasa ya Apwitikizi ndi za m'nkhokwe za anthu. Kumayambiriro kwa July 1918 adafika pa Namacurra, pafupi ndi Quelimane, n'kugonjetsa Apwitikizi ndi gulu la Keyala limene lidadzawathandiza. Asilikali ambiri adamira mumtsinje pothawa. Atachoka apo adazungulira n'kulowera chakumpoto, kudutsa m'dziko la Alhomwe, kwawo kwa makolo a anthu ambiri amene lero akuthyola tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje.

Pa 30 ndi 31 August adathira nkhondo pamsasa wa Lioma, m'dera la Gurué. Msasawo unkatetezedwa ndi gulu loyamba la Keyala, la anyamata a ku Nyasaland, ambiri a iwo atangolembedwa kumene. Adalimba tsiku lonse mpaka usiku, ndipo kutacha magulu ena a Keyala adafika. Lettow-Vorbeck adapulumukira mkamwa mwa mbuzi, atataya maofisala angapo odalirika, zipolopolo ndi katundu wambiri. Kumeneku ndiko adayandikira kwambiri kugwidwa m'nkhondo yonse, ndipo omufikitsa pamenepo adali ana a dziko lino. Mayina a asilikali a Keyala amene adafa pankhondoyi ali pachipilala cha ku Zomba.

Dokotala wa gulu lake, Ludwig Deppe, adalemba pambuyo pake kuti kulikonse kumene ankadutsa ankasiya minda yoonongeka, nkhokwe zopanda kanthu ndi njala. Uwu ndi umboni wa munthu wa mkati, ndipo ndi wolemera kuposa makalata onse aulemu aja.

Kalata yomaliza

Pa 28 September 1918 adaolokanso Ruvuma kubwerera ku German East Africa. Adadzera cha ku Songea, adazungulira kumutu kwa nyanja, ndipo kumayambiriro kwa November adalowa m'Northern Rhodesia n'kulanda Kasama. Ku Ulaya mfuti zidaleka kulira pa 11 November, iye osadziwa. Pa 13 November asilikali ake adagwira mzungu wa panjinga yamoto amene adali ndi makalata opita kwa asilikali a Britain. M'menemo mudali uthenga woti nkhondo yaima. Udatsatira wina wochokera kwa van Deventer, wolamula kuti Ajeremani amasule akaidi ndipo apite ku Abercorn, lero Mbala, kukatula zida. Tsiku lotsatira Lettow-Vorbeck adakumana ndi Hector Croad, bwana wa boma la Kasama, pamtsinje wa Chambeshi, ndipo adamva kuti Kaiser wathawira ku Holland. Zidamuvuta kukhulupirira.

Pa uthenga wa van Deventer pali kanthu kena kamene olemba mbiri amakonda kukaunika. Iwo udanena kuti pangano la ku Ulaya likulamula Ajeremani kugonja popanda kukambirana. Koma ndime 17 ya pangano limene lidasainidwa idangonena za kuchoka kwa asilikali a Germany kum'mawa kwa Africa. Munthu amene adakana kalata ya Smuts ndi kalata yoyamba ya van Deventer adamvera yachitatu, yomwe mawu ake adali olemera kuposa a pangano lenilenilo. Adalibe njira yofunsira ku Berlin kupatula kudzera pa lamya ya adani ake omwewo.

Pa 25 November 1918 adatula zida ku Abercorn pamaso pa General W.F.S. Edwards. Adali ndi azungu 155 ndi asilikali achikuda 1,168, kuphatikizapo khamu la amtengatenga, amayi ndi ana. Maofisala adaloledwa kusunga malupanga awo. Asilikali achikuda adatengedwa kupita kumsasa wa ku Tabora, malipiro awo a zaka zingapo asadaperekedwe, ndipo kumeneko ambiri adafa ndi mliri wa fuluwenza, womwe m'miyezi yomweyo udalowanso m'Nyasaland n'kupha anthu ochuluka.

Nkhondo itatha

Pa 2 March 1919 Lettow-Vorbeck adalowa mumzinda wa Berlin atakwera kavalo, namtindi wa anthu ukumuchingamira ngati kazembe amene sadagonje. Chaka chomwecho adatsogolera asilikali okathetsa zipolowe za anthu ogwira ntchito ku Hamburg. Mu 1920 adatenga nawo mbali pa chiwembu cha Kapp chofuna kugwetsa boma losankhidwa, ndipo adachotsedwa usilikali. Adakhala phungu wa nyumba ya malamulo kuyambira 1928 mpaka 1930, ndipo kwa zaka zambiri ankalimbikitsa zoti Germany ibwezeredwe maiko ake a ku Africa, akugwiritsa ntchito nkhani ya kukhulupirika kwa asilikali ake achikuda ngati umboni.

Smuts, yemwe adangodziwana naye pamakalata, adakumana naye maso ndi maso ku London mu 1929, pamgonero wa asilikali akale a nkhondoyi. Ubwenzi wawo udapitirira. Nkhondo yachiwiri itatha, Lettow-Vorbeck atataya ana ake aamuna awiri ndipo ali paumphawi, Smuts ankamutumizira maphukusi a chakudya. Mu 1953 adayenderanso Africa, ndipo ku Dar es Salaam adalandiridwa ndi ena mwa asilikali ake akale. Pafupi ndi mlatho wa Chambeshi pali chipilala chokumbukira malo amene adamvera za kutha kwa nkhondo. Kwawo ku Germany, mizinda ingapo yasintha mayina a misewu ndi nyumba za asilikali zimene zidali ndi dzina lake.

Adamwalira ku Hamburg pa 9 March 1964 ali ndi zaka 93, kutatsala miyezi inayi kuti Nyasaland ikhale Malawi.